KUKAKHALA KU MARS: NANGA MADZI AZIKATUNGA KUTI?

Anzanga, sabata yathayi ndinawafotokozera agogo zomwe ndinamva pa wailesi, zoti asayansi akukonzekera kuti tsiku lina anthu akakhale ku Mwezi ndi ku Mars. Ndimayesa adabwa ndi kutalika kwa ulendowo. Iwo anangopitiriza kusenda chinangwa n'kufunsa kuti, "Nanga akakafika kumeneko, madzi azikatunga kuti?" Ndinaseka, koma yankho ndinalibe. Ndiye ndakhala ndikufunsa aphunzitsi athu a sayansi komanso kuwerenga pa foni ya achimwene, ndipo ndapeza kuti funso la agogoli ndi lomwe likuwazunguza mitu asayansiwo. Kufikako n'kovuta, inde, koma nkhani yagona pa kukhalako zaka.

Kumeneko n'kotani?

Mars ndi pulaneti yachinayi kuchokera ku dzuwa, ife tili pa yachitatu. Makina omwe atumizidwako amayenda pafupifupi miyezi 7. Mpweya wa kumeneko ndi wochepa zedi, ndipo pafupifupi 95 peresenti yake ndi carbon dioxide, uja timatulutsa popuma. Kuzizira kwake, tikatengera pakatikati, ndi madigiri pafupifupi 60 pansi pa ziro. Ife timadandaula ndi chisanu cha mu June pa asembule! Kulibe mtsinje, kulibe mvula, kulibe mtengo. Choncho munthu ayenera kukhala m'nyumba yotsekeka ngati botolo, ndipo zonse zomwe dziko lathu limatipatsa ulere ayenera kuzipanga yekha m'katimo.

Madzi

Malo amene akuphunzirirapo zimenezi ndi International Space Station, chombo chachikulu chomwe chimazungulira dziko lapansi pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 pamwamba pathu. M'menemo mwakhala muli anthu osalekeza kuyambira November 2000. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo aliyense amene anasenzapo chigubu cha malita 20 kuchokera ku mjigo akudziwa tanthauzo lake. Kukweza madzi pa roketi kumadya ndalama zankhaninkhani, ndiye sataya dontho.

Makina amakoka chinyezi cha thukuta ndi cha mpweya omwe anthu apuma, amatenganso mkodzo. Eee, mkodzo. Amausandutsa nthunzi, nthunziyo n'kuiziziritsa kuti ikhalenso madzi, zoipa n'kutsala. Ndi distillation yomwe ija ya mu Chemistry. Kenako madziwo amasefedwa ndi kuthiridwa mankhwala. Mu 2023 bungwe la NASA la ku America linalengeza kuti lafika pobweza 98 peresenti ya madzi, kutanthauza kuti pa malita 100 amangotaya awiri basi. Mnzanga wina atamva izi analavula. Koma taganizani, water cycle ija tinajambula m'kope imachita chiyani? Madzi a pa mjigo nawonso adutsa m'matupi ambirimbiri, kungoti dziko limasefa pang'onopang'ono ife osaona.

Ku Mars kuli mwayi umodzi. Mu 2008 makina otchedwa Phoenix anakanda nthaka n'kupeza madzi oundana pansi pake. Ndiye munthu atha kukumba, kusungunula, kusefa, kenako n'kumazunguza omwewo.

Mpweya

Munthu mmodzi amafuna oxygen wopitirira magalamu 800 pa tsiku. M'chombo muja amamupeza pogawa madzi ndi magetsi a sola kuti atuluke hydrogen ndi oxygen. Makina ena amachotsa carbon dioxide, chifukwa akachuluka m'chipinda chotseka munthu amayamba mutu, kenako kukomoka.

Ku Mars ayeserako njira ina. Galimoto yopanda dalaivala yotchedwa Perseverance, yomwe inatera kumeneko mu February 2021, inanyamula kamakina kotchedwa MOXIE. Kameneka kankayamwa carbon dioxide wa kumeneko n'kutulutsamo oxygen. Pofika mu 2023 kanali katapanga magalamu 122 onse pamodzi. Ndawerengetsa ndekha: ameneyo angamusunge munthu mmodzi maola atatu ndi theka okha, ngati kuchokera pa asembule kufika pa buleki. Ndi wochepa ndithu, koma kanasonyeza kuti njirayo imatheka.

Chakudya, ndi phunziro la ku Arizona

Apa ndi pomwe pandigwira mtima. Mwina mukuti, bwanji osangodzala mbewu? Paja mu Biology tinaphunzira kuti zomera zimatenga carbon dioxide n'kutulutsa oxygen, komanso zimapatsa chakudya. Anthu ena anayesa zimenezi pansi pompano.

Mu September 1991, ku Arizona m'dziko la America, anthu 8, amuna anayi ndi akazi anayi, anatsekeredwa zaka ziwiri m'chinyumba cha magalasi chotchedwa Biosphere 2, chachikulu kuposa hekitala imodzi. M'katimo munali munda, kankhalango, kanyanja, mbuzi ndi nkhuku. Lamulo linali loti adye zomwe alima ndi kupuma mpweya wa momwemo. Ankalima mbatata, nthochi, mpunga ndi nyemba, koma njala sinkawachoka ndipo anaonda. Mbatata anadya yochuluka mpaka khungu linayamba kuoneka lachikasu.

Choopsa kwambiri chinali mpweya. Oxygen, yemwe kunja kuno ndi 21 peresenti, anatsika pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 14. Anthu ankatopa msanga ndi kubanika kutulo. Chinachitika n'chiyani? Dothi la m'katimo analithira manyowa ochuluka, ndiye tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'dothimo tinkadya manyowawo uku tikumaliza oxygen. Carbon dioxide amene tinkatulutsa akanayenera kupita ku zomera kuti abwezedwe, koma wambiri ankamwedwa ndi konkire ya nyumbayo. Mapeto ake anachita kupopera oxygen kuchokera kunja. Tizilombo tambiri tothandiza maluwa kubereka tinafa, nyerere ndi mphemvu n'kuchuluka. Anthu 8 aja nawonso anagawikana magulu awiri osagwirizana.

Taonani, anzanga: sikuti anaiwala chinthu chachikulu ayi. Chinawapweteka ndi manyowa ndi konkire, zinthu zomwe timaziponda tsiku ndi tsiku. Ku Arizona thandizo linali kuseri kwa galasi. Ku Mars kuseri kwa galasi kulibe munthu.

Kuonjezera apo, dothi la ku Mars lilibe manyowa ndipo lili ndi mchere wina woipa wotchedwa perchlorate, wofunika kuutsuka kaye. N'chifukwa chake akuyeseranso kulima popanda dothi, mizu ili m'madzi osakaniza ndi feteleza, kuwala kukuchokera ku mababu. Mu 2015 anthu a m'chombo muja anadya letesi wolimidwa momwemo. Koma letesi si nkhokwe ya chaka.

Nyumba

Mpweya wathu komanso mphamvu ya maginito ya dziko lapansi zimatitchinjiriza ku cheza choopsa chochokera ku dzuwa ndi kutali mumlengalenga, chomwe chimatha kuyambitsa khansa. Mwezi ndi Mars alibe chitetezo chokwanira chotero. Ndiye maganizo alipo ndi okwirira nyumba ndi dothi lochindikala la komweko, kapena kumanga m'mapanga. Izi zinandiseketsa: munthu ayende ulendo wonsewo n'kukamanga ndi dothi ngati kwathu kuno.

Funso lina la agogo

Nditawafotokozera zonsezi, agogo anati, "Chabwino mdzukulu wanga. Nanga makinawo akafa, akonza ndani?" Anandikumbutsa za mjigo wathu, womwe chaka chatha unakhala miyezi iwiri osatulutsa madzi chifukwa cha kalabala kamodzi kakang'ono, ife n'kumakatunga kudambo. Ku Mars dambo kulibe. Uthenga wa pa wailesi umatha kutenga mphindi zoposa 20 kuti ufike kuno, ndipo nthawi yabwino yotumiza katundu imabwera kamodzi pa miyezi pafupifupi 26. Choncho opita kumeneko ayenera kukhala alimi, amakaniko ndi anamwino nthawi imodzi, komanso anthu otha kukhala ndi anzawo osayambana.

Tsono funso ndalisiya kwa inu. Mutapatsidwa mwayi wosankha anthu anayi okha oti mupite nawo, mungasankhe a ntchito zanji, ndipo chifukwa chiyani? Lembani pa kapepala mupatse a komiti ya bolodi lino lisanafike Lachisanu. A Fomu 4, musangowerenga n'kudutsa.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2