Ndevu, phula ndi laser: khungu lathu lingapirire ziti?

Mukadzafika pamalire a Mwami, pomwe magalimoto ochokera ku Chipata amawolokera kupita ku Mchinji, mudzaponye maso pamakosi a abambo amene ali pamzere. Madalaivala a malole, osintha ndalama, anyamata a kabaza, ngakhalenso ovala yunifolomu, ambiri kunsi kwa chibwano kuli tiziphuphu takuda, tina ta mafinya kunsonga, tina tinauma kale n'kusiya zipsera. Mukafunsa amangoti lezala siwayanja.

Lezalayo mlandu ili nawo ndithu, koma ikugawana ndi tsitsi lathu. Ndevu za munthu wakuda n'zopotana kuyambira kumuzu. Lezala ikadutsa imasiya nsonga yakuthwa, ndipo tsitsilo pomera limapinda n'kubaya khungu lomwe latulukamo, mwinanso osatuluka n'komwe. Thupi limaliona ngati munga, malowo n'kutupa, kuyabwa, kenako kuda. Madokotala a khungu vutoli amalitcha pseudofolliculitis barbae. Wometa wa ku Kapata, ku Chipata, amalidziwa popanda dzinalo: amatokosola tsitsi lopindalo ndi singano, kupaka spiriti, kasitomala ataluma mano. Sabata yamawa wabweranso.

Amayi nawo ali ndi nkhondo yawo, yosakambidwa pagulu: m'khwapa, m'miyendo, kumalo aja alangizi amaphunzitsa mtsikana kusamala asanalowe m'banja, ndiponso pachibwano, pomwe pamachititsa manyazi kuposa ponse. M'masaluni munabwera phula lotenthetsa, lija amangoliti wax. Amalipaka pakhungu, kumatapo kansalu, n'kukoka kamodzi mwamphamvu motsutsana ndi komwe tsitsi lagonera. Limazuka ndi muzu womwe, khungu n'kukhala see kwa masabata atatu kapena kuposerapo pang'ono. Koma tsitsi lopotana pomeranso limatha kukodwa pansi pa khungu monga limachitira ndi lezala, ndipo phula likatenthetsa limasiya banga lakuda lotenga miyezi kuti lizimirire. Odzola mafuta oyeretsa khungu ndiye ali pangozi zedi. Ambiri mwa mafutawa amapyapyalitsa khungu, moti kansalu kaja pochoka kamatha kusenda ndi khungu lomwe.

Munthu wotopa ndi zonsezi akaona pa Facebook malo a ku Lusaka akutsatsa laser, mtima umadumpha.

Nzeru yake inalembedwa mu 1983 ndi madokotala awiri a ku Boston, Rox Anderson ndi John Parrish. Anaonetsa kuti kuwala kwa mtundu umodzi, kukawombedwa kwa kanthawi kochepetsetsa, kumatha kusankha chinthu chimodzi m'khungu n'kuchitentha osawononga zoyandikana nacho. Pochotsa tsitsi, chosakidwacho ndi melanin, amene amadetsa tsitsi. Iye amameza kuwalako, kutentha n'kufika kumuzu, muzu n'kupsa. Makina oyamba anayamba kugwiritsidwa ntchito ku America m'zaka za m'ma 1990.

Apa m'pamene munthu wa kwathu kuno ayenera kutchera khutu, chifukwa melanin yemweyo ndi amene anadetsa khungu lathu. Makina akale a ruby, otulutsa kuwala kwa mananomita 694, ndi a alexandrite, a 755, amayenda bwino kwa mzungu wa tsitsi lakuda, poti kuwala kumadutsa khungu loyeralo n'kukapeza tsitsi lokha. Pa ife kumayamba kumezedwa pamwamba pomwe, zotsatira zake n'kukhala matuza ndi mawanga oyera kapena akuda amene nthawi zina sachokanso. Amene madokotala amawadalira pakhungu lakuda ndi a Nd:YAG, a mananomita 1064, omwe kuwala kwawo kumalowa mozama ndipo khungu lapamwamba silikumeza kwambiri. Pamuyeso wa Fitzpatrick, wogawa makungu a anthu m'magulu 6, ambiri a ife tili mu 5 ndi 6. Wogwiritsa makina amene sakudziwa muyeso umenewu, kapena sangatchule dzina la makina ake, asakukhudzeni. Wodziwa ntchito amayamba wayesa pakamalo kakang'ono, n'kudikira masiku angapo aone momwe khungu layankhira. Amakuvalitsaninso magalasi apadera, iyenso n'kuvala ake. Kuwala kwa Nd:YAG sikuoneka ndi maso, komabe kukalowa m'diso kumawotcha mkati mwake diso lisanaphethire.

Otsatsa amakonda mawu akuti tsitsi lidzachoka mpaka kalekale. Akuwonjezera mchere. Chimachitika n'chakuti limachepa kwambiri, lotsalalo n'kumera lopyapyala, ndipo kwa wa tiziphuphu zimenezi n'zokwanira kale. Laser imangopha mizu imene ikumeretsa tsitsi panthawiyo, pomwe ina imakhala ikupuma. N'chifukwa chake pamafunika maulendo 6 mpaka 8, motalikirana masabata 4 mpaka 6, ndipo pakati pa maulendowo saloleza kuzula kapena kupaka phula, koma kumeta basi, poti muzu ukazulidwa kuwala kulibe choti kupeze. Imvi sizimva laser, mulibe melanin. Tsono werengerani nokha: kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka pamsewu wa Great East ndi makilomita oposa 550, ulendo wodya tsiku pabasi. Chulukitsani kasanu ndi kamodzi, muwonjezere pogona, musanalipire n'komwe makinawo.

Kutalika kwa ulendoku n'kumene kumatsegulira khomo timakina ta m'manja togulitsidwa pa intaneti, tolembedwa IPL. Timeneti si laser. Timatulutsa kuwala kosakanikirana, kumene khungu lakuda limameza mosavuta, ndipo makampani odziwika otipanga amalemba okha pabokosi kuti si ta khungu lakuda kwambiri. Wogulitsa pa WhatsApp mbali imeneyo saiwerenga mokweza.

Kwa mayi amene ndevu zayamba kumera pachibwano, ulendo woyamba usakhale wa ku saluni. Nthawi zambiri zimayendera limodzi ndi msambo wodumphadumpha, ziphuphu, kunenepa ndi kuvutika kutenga pathupi, zomwe ndi zizindikiro za matenda a m'thupi otchedwa PCOS. Mu 2025 bungwe la WHO linati amagwira amayi 6 mpaka 13 mwa 100 alionse a msinkhu wobereka, ndipo ambiri sadziwa kuti ali nawo. Laser ingachotse za pamwamba, koma gwero likasiyidwa zatsopano zimameranso. Chipatala cha Adventist cha Mwami, chomwe chakhalapo kuyambira 1927, ndi Chipata Central Hospital zili pafupi kuposa Lusaka, ndipo kufotokozera dokotala za msambo ndi ndevuzo pamodzi kungaulule zimene phula lakhala likubisa kwa zaka.

Kwa bambo wa tiziphuphu amene thumba silikulola za laser, madokotala a khungu ali ndi malangizo osalira ndalama, ngakhale ovala yunifolomu angafunike kalata ya kuchipatala kuti abwana awamvetse. Asiye kumeta kwa mwezi wathunthu kuti tsitsi lokodwalo lidzitulukire lokha ndi khungu lipole. Kenako azingochepetsa ndi makina ometera, kusiya pafupifupi milimita imodzi, motsatira komwe ndevu zagonera, osakoka khungu. Wometa akafuna kumalizitsa m'mbali ndi lezala kuti ziwale, amukanize.