Galu wa Kamkwamba anatigawanitsa ku Makokola

Mwezi wathawu tinali ku Makokola, m'boma la Mangochi, kumene abusa, akulu a mpingo ndi amayi a Mvano angapo tinakumana kwa masiku atatu kuti tipumeko ndi kupemphera pamodzi. Madzulo alionse, nyali za asodzi a usipa zikayamba kuthwanima panyanja, tinkakhala pakhonde n'kumamvetsera mphunzitsi wina wachinyamata akutiwerengera buku la William Kamkwamba lotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, uku akumasulira m'Chichewa. Tinalisankha poganiza kuti litilimbikitsa. Palibe anaganizira kuti galu wa m'bukumo ndiye atiyambanitse.

Nkhani ya Kamkwamba ambiri mukuidziwa. Mnyamatayu anabadwa mu 1987 ndipo anakulira kwa Wimbe, ku Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itafika, makolo ake analephera kumulipirira fizi kusekondale ya Kachokolo, ndipo iye anayamba kuwerenga yekha mabuku a m'laibulale yaing'ono ya kwawoko, mpaka anapanga makina oyendera mphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba ya bambo ake. Bukuli analemba mothandizana ndi mtolankhani Bryan Mealer ndipo linatuluka mu 2009. Patapita zaka khumi, mu 2019, Chiwetel Ejiofor analisandutsa filimu. Ndi mbiri yeniyeni ya moyo wa munthu, ngakhale imakoma kumva ngati nthano.

M'mbiriyo muli galu dzina lake Khamba, amene ankatsatira mnyamatayo kulikonse, kumunda ngakhale kosaka mbalame. Njala itakula, banjalo linayamba kudya kamodzi patsiku, ndipo mkute wa nsima umene galuyo ankadalira unasowa. Khamba anaonda mpaka nthiti kuwerengeka. Potsiriza William ndi mnzake anamutengera kunkhalango ya bulugamu, n'kumumangirira kumtengo, n'kumusiya komweko kuti afe. Mphunzitsi uja atafika pamenepa mawu anamuthera, ndipo kwa kanthawi tinkangomva mafunde okha.

Woyamba kuyankhula anali mkulu wa mpingo wina, bambo wa imvi amene anagwirapo ntchito m'boma. Iye anati zimamudabwitsa kuti buku lonena za njala imene inapha anthu litaye masamba polira galu. “Abusa, zimenezi analembera azungu,” anatero, “chifukwa iwo ndiwo amagona ndi agalu m'nyumba. Ife tinaika ana m'manda chaka chimenecho.” Ena anavomereza ndi mitu. Mayi wina wa Mvano anakana kwamtuwagalu, koma pa chifukwa china: kwa iye mnyamatayo anachita nkhanza, pakuti cholengedwa chimene chakukhulupirira suchimangirira kuti chife chikukuyang'ana. Anati kukanakhala bwino kuchimasula chikadzifere kutchire. Mbusa wina wachinyamata anaikira kumbuyo William, nati anali mwana wa zaka 14 ndipo anachita zimene akulu anamusiyira kuti achite.

Amene anatidabwitsa anali mlonda wa pamalopo, bambo wa Chiyao, Msilamu, amene ankamvetsera ali chapatali. Tikudziwa kuti abale athu ambiri a Chisilamu salola galu kulowa m'nyumba, kotero tinkayesa kuti agwirizana ndi mkulu uja. Iye anangoti galu akhale wodetsedwa kapena ayi, amene wamusunga adzafunsidwa za iye, ndipo mnyamatayo anachita bwino kuulula.

Kusiyana maganizo pa mabuku otere si kwathu kokha. Ku America, buku lopeka la David Wroblewski lotchedwa The Story of Edgar Sawtelle, lonena za mnyamata wosayankhula ndi agalu a banja lake ku Wisconsin, linagulidwa kwambiri mu 2008 Oprah Winfrey atalisankha, koma awerengi ambiri anakwiya ndi mathero ake omvetsa chisoni. Iwo ankafuna kuti nkhani ithe bwino. Mkangano wathu wa ku Makokola unali wolemera kuposa pamenepo, chifukwa njala ya m'buku lathu tonse tinaiona ndi maso.

Ife tikuona kuti mkulu uja anali ndi mfundo, koma anaphonya chimene galuyo akuchita m'bukumo. Zaka zoposa makumi awiri zapita, ndipo za 2002 timazikamba ngati nkhani ya ndale: kuti chimanga cha m'nkhokwe za boma chinagulitsidwa njala isanafike, kuti anthu ankagona pamizere ku ADMARC, kuti Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza za ngozi ya njala mu February chaka chimenecho, anthu atayamba kale kudya madeya ndi mizu ya nthochi. Zonsezi n'zoona ndipo n'zosavuta kunena, chifukwa wolakwa amakhala wina. Chimene sitinena ndi zimene zinkachitika mkati mwa nyumba zathu: ndani analandira mtanda wa nsima ndipo ndani anauzidwa kuti adikire mawa, agogo ati anasiyidwa kumudzi pamene ana anapita kukasaka ganyu, chitseko chiti chinatsekedwa mlendo akuodira. Kamkwamba anatenga chimodzi mwa zosankha zoterezi, chimene iye mwini anachita ndi manja ake, n'kuchiika poyera. Kuti chinali cha galu n'chimene chimatilola kuchimvetsera mpaka kumapeto.

Mneneri Natani ankaidziwa njira imeneyi. Mu 2 Samueli 12, pofuna kuti mfumu Davide aone zimene anachitira Uriya, sanayambe ndi dzina la Uriya. Anamuuza za munthu wosauka amene analandidwa kamwana ka nkhosa kamene ankadya nako m'mbale imodzi. Davide anapsa mtima chifukwa cha nkhosayo, ndipo mkwiyo womwewo ndi umene unamutsegula maso. Pa Miyambo 12:10 timaphunziranso kuti kusamala moyo wa chiweto ndi chizindikiro cha munthu wolungama, choncho mayi wa Mvano uja sanalakwe kumva kuwawa. Kumene tinasiyana naye n'kwakuti mlandu wonse anausenzetsa mwana.

Tiulule zathu, popeza takamba za ena. Chaka chimenecho tinkatumikira mpingo wina wa kumudzi, ndipo panyumba ya abusa tinali ndi galu wolondera. Tinali ndi matumba ochepa a chimanga amene Akhristu anapereka pa masika, ndipo madeya ake tinkaphikira galuyo. Tsiku lina m'mawa kunabwera bambo wina wa mumpingo mwathu momwe, atanyamula kathumba, kudzapempha madeyawo. Tinamuuza kuti atha. Sanathe; tinkaopa kuti tikapatsa mmodzi, mudzi wonse ufika pakhomo, ndiponso akuba anali atachuluka moti galuyo tinkamufuna wamoyo. Bamboyo anathokoza mwaulemu n'kubwerera. Anapulumuka njalayo, ndipo kwa zaka zina zinayi tinkamupatsa Mgonero ndi dzanja lomwelo, osatchulapo za tsiku lija. William anataya galu wake n'kulemba zimene anachita. Ife galu wathu anakhala ndi moyo, ndipo nkhaniyi tinaikamba koyamba pakhonde lija ku Makokola.

Titamaliza, mkulu wa imvi uja anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati maganizo ake pa za galu sanasinthe, ndipo sitinamukakamize. Koma anawonjeza kuti mchemwali wake anamwalira kumudzi mu March 2002, iye ali m'tauni, kalata yopempha ufa ili m'thumba la jekete, akudikira malipiro a mwezi. Mayi wa Mvano uja anasuntha mpando n'kukhala pafupi naye. Mlonda anapita kukazungulira kuchipata, ndipo mphunzitsi anafunsa ngati apitirize kuwerenga. Tinamuuza kuti aike kapepala pamene walekezera, za makina a mphepo tidzamva mawa.