MWEZI WA KUCIYAMBI KWA DZINJA: TIUYANG'ANE, KOMA ZA MBEWU TIFUNSE NTHAKA

Caka ciliconse Novembala akafika, mkangano umodzi umabweranso m'mabasi a ku Chelstone, pa msika wa Kabwata ndi pabwalo la chalichi mapemphero akatha: kodi tibzale liti? Ena amati mvula yeniyeni siibwera mwezi usanafe. Ena amati mwezi ukakhwima umapitikitsa mitambo, conco wobzala masiku amenewo angotaya mbewu. Nkhaniyi si yoseka nayo ai. Mbewu ya cimanga ndi fataleza zimadya ndalama zambiri, ndipo mabanja ambiri a mu Lusaka ali ndi kamunda ku Chongwe, ku Kafue kapena ku Chibombo kumene amadalira kuti m'nyumba mukhale ufa. Wolakwitsa tsiku lobzala amalira caka conse. Tiyeni tsono, owerenga athu, tiudziwe bwino mwezi wathunthu wa Novembala ndi Disembala, tione zimene ungatiuze ndi zimene sungatiuze.

KUMENE UMATULUKIRA

Mwezi ulibe moto wakewake. Kuwala kumene timaona n'kwa dzuwa, kumene kumagunda pa mwezi n'kubwerera kwa ife. Timati mwezi wakhwima pamene dziko lathu lili pakati, dzuwa mbali ina, mwezi mbali ina. N'cifukwa cake mwezi wathunthu umatuluka kum'mawa pa nthawi imene dzuwa likulowa kumadzulo. Mu Lusaka, kumapeto kwa caka, nthawiyi ndi pakati pa 18 ndi 19 koloko. Tsiku lotsatira umacedwa kutuluka ndi mphindi pafupifupi 50, ndipo kuti ukhwimenso pamapita masiku 29 ndi theka.

Pali cinthu cimene ambiri sitinacipenyetsetse: mwezi wathunthu sutulukira malo amodzi caka conse. Mu Disembala dzuwa limapendekera kum'mwera. Popeza mwezi wathunthu umakhala moyang'anizana nalo, iwo umapendekera kumpoto. Munthu woima pa Cairo Road adzauona ukutulukira ca ku Chelstone, kumbali ya bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Mu Juni, m'nyengo yozizira, munthu yemweyo adzauona ukutulukira ca ku Woodlands ndi msewu wa Leopards Hill.

Ngakhale njira yake kumwamba imasiyana. Mwezi wathunthu wa Juni umakwera mpaka pafupi ndi pamutu, ndipo pakati pa usiku cithunzithunzi ca munthu cimakhala cacifupi, pamapazi pomwe. Wa Disembala sufika pamutu. Umadutsa cakumpoto, ndipo cithunzithunzi cimagwera kum'mwera, cotalikirapo. Pa miyezi yathunthu yonse ya m'caka, wa nyengo imeneyi ndiwo umayenda munsi kwambiri. Kupendekera kumeneku kumafika pacimake pa zaka 18.6 zilizonse. Kunatero mu 2006, kenako mu 2024 ndi 2025. Mwezi wathunthu wa pa 15 Disembala 2024 unangofika pakati pa mphepete mwa thambo ndi pamutu.

Anzathu a ku Ulaya ndi ku America zinthu amaziona mosemphana ndi ife, pakuti nyengo yao yotentha imayamba mu Juni. Mwezi wao woyenda munsi ndi wa Juni, umene ku America amaucha Strawberry Moon cifukwa ndiyo nthawi imene tizipatso ta dzinalo timapsa. Mukamva dzinali pa wailesi kapena pa Facebook, dziwani kuti likunena za nyengo ya eni ake. Wofanana nawo kwathu kuno ndi mwezi wa Disembala.

KUFIIRA NDI KUKULA KWAKE

Mwezi ukangotuluka umaoneka wofiira ngati mbaula ya makala, ndipo ena amati n'cizindikiro ca maliro kapena nkhondo. Cimene cimacitika n'cakuti mwezi ukakhala munsi, kuwala kwake kumadutsa mumpweya wambiri usanafike m'maso mwathu, ndipo mtundu wofiira ndi umene umapyola bwino. Mu Okutobala ndi Novembala mpweya umadzaza fumbi ndi utsi wa chire lotenthedwa, motero kufiirako kumakula. Mvula ikatsuka mlengalenga, mwezi umayera.

Nanga kukula kuja pamene ukutuluka kuseri kwa mitengo ya ku Kabulonga? Kumeneko ndi maso athu kunamizika. Yesani nokha. Tambasulani dzanja, muphimbe mwezi ndi kala kakang'ono ka kumapeto pamene ukutuluka. Mubwerezenso pakati pa usiku. Kala komweko kadzauphimba mofanana.

Kusintha kwenikweni kulipo, koma n'kocepa. Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,400 kucokera kuno, koma nthawi zina umayandikira kufika pa 357,000, nthawi zina umatalikira kupitirira 406,000. Ukakhwima uli pafupi, umaposa wakutali uja m'kukula ndi 14 pa 100, ndipo umawala kwambiri. Unatero pa 5 Novembala 2025. Tsiku lina lotere ndi 24 Disembala 2026, tsiku lokonzekera Khirisimasi.

Mwezi wa nyengoyi uli ndi anansi amene makolo athu anali kuwadziwa maina. Wa Novembala umakhala pafupi ndi Nsangwe, kagulu ka nyenyezi zothithikana. Wa Disembala umatuluka kumanzere kwa Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana. Owerenga Buku Lopatulika amawapeza mainawa m'buku la Yobu. Kuwala kwa mwezi kumabisa Nsangwe, conco dikirani masiku atatu kapena anai, muyang'ane kum'mawa mwezi usanatuluke.

Makolo analinso ndi nthano yao yofotokoza kunenepa ndi kuonda kwa mwezi. Mai Alice Werner, amene anakhalako ku Malawi m'zaka za m'ma 1890, analemba kuti Anyanja a kumeneko anali kunena kuti mwezi ndi mwamuna wa mitala. Mkazi wa kum'mawa, Cekecani, amam'mana cakudya mpaka kuonda. Wa kumadzulo, Puikani, amam'dyetsa mpaka kunenepa. Akazi awiriwa lero timadziwa kuti ndi nyenyezi imodzi, nthanda. Koma maso a makolo sanalakwe: mwezi woonda umaoneka kum'mawa m'bandakuca, ndipo watsopano umayambira kumadzulo n'kumakula.

KODI MWEZI NDIWO UMABWERETSA MVULA?

Apa ndiye pagona nkhani. Tiyeni tione kalendala. Mu 2024 mwezi unakhwima pa 15 Novembala. Mu 2025 unakhwima pa 5 Novembala. Mu 2026 masiku ake ndi 26 Okutobala ndi 24 Novembala. Miyezi 12 ya kumwamba imakwana masiku 354 cabe, pamene caka ca dzuwa cili ndi 365, conco caka ciliconse masiku a mwezi amabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11. Dzinja silibwerera m'mbuyo motero. Limakhalabe pakati pa Novembala ndi Marichi, cifukwa limatsata dzuwa.

Kumayambiriro kwa Novembala dzuwa limaima pamutu penipeni pa Lusaka. Nthaka ikatentha, mpweya umakwera, ndipo mphepo zacinyontho zocokera ku Congo ndi ku nyanja ya Indian zimakumana pamwamba pa dziko lathu. Pamene zakumanapo ndi pamene mitambo ya mvula imamangika. Cimene cimasokoneza dongosololi kawirikawiri ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja zikuluzikulu, monga El Niño wa ku nyanja ya Pacific.

Tonse tikukumbukira dzinja la 2023/2024. Mwezi unakhwima pa 25 Januwale 2024, unafa, unabadwanso, n'kukhwimanso pa 24 Febuluwale, koma m'madera ambiri cimanga cinali kupserera m'munda. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa cimanga anaonongeka. Mwezi unasintha nkhope zake zonse pa nthawiyo, koma palibe nkhope imene inagwetsa mvula. Amene anacenjeza za El Niño dzinja lisanayambe anali a zanyengo.

Kunena zoona, akatswiri anafufuzapo. Mu 2016 Tsubasa Kohyama ndi John Wallace a pa yunivesite ya Washington ku America, atapenda zimene setilaiti inalemba kwa zaka 15, anapeza kuti mphamvu yokoka ya mwezi imasintha mvula ya kumaiko otentha ndi pafupifupi 1 pa 100. Kusintha kotere palibe mlimi angakuone m'munda mwake.

Nanga bwanji zimaoneka ngati mwezi wathunthu umapitikitsa mitambo? Mvula ya kuciyambi kwa dzinja ndi ya mabingu a masana. Dzuwa likalowa nthaka imazizira, ndipo nthawi zambiri mitambo ija imabalalika yokha. Mwezi ukakhalapo timaona kumwamba kukuyera, n'kuutamanda. Usiku wa mdima mitambo imabalalika cimodzimodzi, koma palibe amene amaona.

Cizindikiro cimodzi cili ndi kanthu: mkombero woyera wozungulira mwezi. Umapangika kuwala kukadutsa m'mitambo yopyapyala ya kumwamba kwambiri, yopangidwa ndi timadzi toundana. Umasonyeza kuti kumwambako kuli cinyontho, ndipo nthawi zina mvula imatsatiradi. Koma amene akulankhula apo ndi mitambo. Mwezi wangokhala nyale younikira.

ZIMENE MWEZI UMALAMULIRADI

Tisaunyoze mwezi ai, uli ndi nchito zake. Ku madoko monga Beira ndi Dar es Salaam, madzi a m'nyanja amakwera ndi kutsika kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena watsopano. Pa Kariba, asodzi a ku Siavonga amakopa kapenta ndi nyale zamphamvu usiku, ndipo mwezi ukawala kapenta samasonkhana pa nyale. Masiku amenewo nsomba imacepa. Mu 2024, madzi atacepa pa Kariba ndipo malaiti akuzima maola ambiri pa tsiku, ana a mu Lusaka anaona okha zimene agogo ao amanena, kuti mwezi wathunthu umakwanira kuyendera ndi kusewerera pabwalo.

Mwezi umasunganso masiku a zikondwerero. Ku Eswatini, mwambo waukulu wa Incwala umatsata mwezi wathunthu umene tikukambawu, wa pafupi ndi tsiku lalitali la pa 21 Disembala. N'cwala ya Angoni a Mfumu Yaikulu Mpezeni ku Mtenguleni ndi mbale wake wa mwambo umenewo, koma masiku ano imacitika Loweruka lomaliza la Febuluwale.

Kwa Akhristu, Khirisimasi ili ndi tsiku lokhazikika, koma Pasaka imatsata mwezi. Mwambo umene unakula pambuyo pa msonkhano wa ku Nicaea wa mu 325 umati Pasaka ikhale Sondo yotsatira mwezi wathunthu woyamba kucokera pa 21 Marichi. N'cifukwa cake inali pa 31 Marichi mu 2024, pa 20 Epulo mu 2025, ndipo ya 2026 tsiku lake ndi 5 Epulo. Mwezi ndi kalendala yabwino ya mapemphero. Kalendala ya munda ndi ina.

TSONO MLIMI ACITE CIANI?

Akulu anati mwezi satungira mkanda. Nchito yofuna maso siicitidwa ndi kuwala kocepa, ndipo kubzala ndi nchito yotero.

Coyamba, konzani munda ndi kugula mbewu mvula isanagwe. Alangizi a ulimi wosamalira nthaka akhala akunena kuti tsiku lililonse limene mlimi acedwa, mvula yobzalira itagwa kale, zokolola zimacepa. Woyembekeza kuti mwezi ufe angataye milungu iwiri yathunthu.

Caciwiri, musanamizidwe ndi cizimalupsa, mvula yoyamba ija yongozimitsa phulusa la chire. Imanyowetsa pamwamba cabe, mbewu n'kumera, kenako ng'amba n'kuziwamba.

Cacitatu, yesani mvula. Tengani citini cosapindika m'mbali, cofanana kukula pansi ndi pakamwa, muciike poyera kutali ndi mitengo ndi denga. M'mawa yesani madziwo ndi lula ya mwana wa sukulu. Alangizi ambiri amati mamilimita 25 kapena 30 pa masiku awiri kapena atatu, kucokera pakati pa Novembala, ndiyo mvula yobzalira. Kumbaninso ndi khasu muone ngati cinyontho calowa pansi kupitirira pamene mbewu ikagone.

Cacinai, mverani zimene Dipatimenti ya Zanyengo imalengeza pa wailesi dzinja lisanayambe. Akanena kuti mvula idzacepa, funsani mlangizi za mbewu yoca msanga, ndipo musaike ciyembekezo conse pa cimanga. Mapira, nyemba, kayera ndi cinangwa zapulumutsa mabanja ambiri.

Kwa a m'mphakati ndi m'magulu a amai, nali pempho lathu. Gulani kabuku kamodzi, musankhe munthu mmodzi wolemba. Tsiku lililonse la dzinja alembe mamilimita a m'citini, ndipo pambali pake alembe mmene mwezi unalili. Zikakwana zaka zitatu, bweretsani kabukuko pa msonkhano, muwerenge pamodzi, agogo ndi adzukulu ali pomwepo. Amene amati mwezi ndiwo umagwetsa mvula, ndi amene amakana, onse adzakhala ndi poyambira.