Khansa ya chiwindi: majini akulosera, koma nkhondo iyambira ku nkhokwe

TETE: Munthu wodwala khansa ya chiwindi kawirikawiri amafika ku chipatala mimba itatupa kale, maso ali achikasu, thupi litatha. Achibale amene amuperekeza pa chapa kuchokera ku Angónia, Macanga kapena Tsangano kudzafika ku Hospital Provincial de Tete amakhala ndi mafunso awiri kwa dotolo: kodi m'bale wathuyu akhala nafe mpaka liti, nanga mankhwala amuthandiza?

Mafunso amenewa ndi ovuta kuyankha. Odwala awiri a msinkhu umodzi, okhala ndi chotupa chofanana kukula, mmodzi amatha miyezi itatu, wina amatha zaka ziwiri. Akatswiri a zaumoyo m'maiko osiyanasiyana akufunafuna yankho m'kati mwa chiwindi momwemo, m'tinthu totchedwa majini.

Awa si majini a mizimu amene amanenedwa kwa asing'anga. Majini ndi malangizo a chibadwa amene munthu amatengera kwa bambo ndi mai ake, ndipo ali m'kachigawo kalikonse ka thupi. Ena mwa iwo amalamula chiwindi kupanga timadzi tophwanya mankhwala, mowa ndi poizoni kuti zituluke m'thupi. Banja lalikulu la majini oterewa limatchedwa CYP, ndipo mmodzi wa m'banjamo, CYP3A4, amaphwanya mitundu yambiri ya mankhwala a ku chipatala.

Ofufuza aona kuti khansa ikagwira chiwindi, majini a ntchito imeneyi amayamba kuzirala m'kati mwa chotupa. Pamene CYP3A4, CYP2C9 ndi CYP2C8 azirala kwambiri, nthendayo kawirikawiri imakhala yaukali ndipo wodwala sakhalitsa. Chotupa chimene chikugwirabe ntchito ya chiwindi chimayenda pang'onopang'ono. Motero akatswiri amatenga kachidutswa ka chotupa, kuyeza mphamvu ya majini angapo, ndi kuika wodwala m'gulu la oopsezedwa kwambiri kapena la oopsezedwa pang'ono. Cholinga ndi chakuti dotolo adziwe amene ayenera kumuona pafupipafupi, ndi mankhwala amene angamuyenere.

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa Moçambique. Mu 1965, madotolo Prates ndi Torres anafalitsa kalembera wa khansa wa mu mzinda wa Lourenço Marques, umene lero ndi Maputo. Anapeza kuti amuna pafupifupi 100 mwa 100,000 alionse ankadwala khansa ya chiwindi chaka chirichonse, chiwerengero chimene chinali pakati pa zokwera kwambiri pa dziko lonse. Ambiri anali anyamata a zaka za m'ma 20 ndi 30. Ku Johannesburg, Pulofesa Michael Kew anatha zaka zambiri akufufuza nthendayi pakati pa amuna a ku Moçambique amene ankagwira ntchito m'migodi ya golide.

Zoyambitsa zake zinapezeka ziwiri. Choyamba ndi kachirombo ka hepatite B, kamene munthu amakatenga kawirikawiri ali mwana ndipo kamakhala m'chiwindi zaka zambiri osamva kupweteka. Chachiwiri ndi poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxina, amene amamera pa chimanga ndi mtedza zosauma bwino. Poizoniyu anadziwika mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochita chuku. Mu 1985, Van Rensburg ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa m'chigawo cha Inhambane woonetsa kuti kumene chakudya chinali ndi aflatoxina wambiri, khansa ya chiwindi inalinso yochuluka. Ku Shanghai, m'dziko la China, kunapezeka kuti munthu amene ali ndi zonse ziwiri, kachirombo ndi poizoni, chiopsezo chake chimakwera pafupifupi ka 60 kuposa amene alibe chirichonse.

Apa ndi pamene majini ophwanya mankhwala akulowanso m'nkhani. Aflatoxina akalowa m'thupi, ndi CYP1A2 ndi CYP3A4 amene amamusandutsa kukhala poizoni woopsa kwambiri, wokakamira pa chibadwa cha munthu. Majini ena, monga GSTM1, amathandiza kuchotsa zoipa zotere, koma anthu ena amabadwa alibe jini imeneyi. Chotero a banja limodzi angadye nsima ya ufa umodzi, koma ziwindi zao osavulala mofanana.

Mu 1991 zotupa za odwala a ku Moçambique zinathandiza dziko lonse kumvetsa zimenezi. Gulu la Mehmet Ozturk, pamodzi ndi Kew, linapeza kuti jini yoteteza thupi ku khansa, yotchedwa p53, inali itaonongeka pa malo amodzimodzi, a nambala 249, mwa pafupifupi theka la odwala a dziko lino amene anayezedwa. Chipsera chomwecho chinapezeka ku Qidong, ku China, kumenenso chimanga chimachita chuku. Lero akatswiri amachitenga ngati chidindo cha aflatoxina.

Pa mankhwala a khansayo, nkhani ndi yomweyo. Sorafenib, amene anavomerezedwa mu 2007, amaphwanyidwa ndi CYP3A4 ndi UGT1A9. Pa kuyesedwa kwake kwakukulu, omwa mankhwalawa anakhala ndi moyo miyezi 10.7 pamene osamwa anakhala miyezi 7.9. Phindu lake ndi miyezi yosakwana itatu, ndipo mtengo wake ndi wokwera. N'chifukwa chake kudziwiratu amene angathandizidwe kuli kofunika, makamaka kwa banja limene lingagulitse ng'ombe kuti litumize wodwala ku Beira kapena ku Maputo.

Koma pali vuto limodzi lalikulu. Njira zambiri zolosera zimenezi zapangidwa pogwiritsa ntchito nkhokwe ya zotupa ya ku America yotchedwa TCGA, imene mu 2017 inafalitsa zotsatira za odwala khansa ya chiwindi 363. Ochuluka mwa iwo anali azungu ndi anthu a ku Asia. Akuda anali owerengeka. Pamene majini a anthu a mu Africa ndi osiyanasiyana kuposa a kwina kulikonse. Mu 1996, katswiri wa ku Zimbabwe Collen Masimirembwa anafotokoza mtundu wa jini CYP2D6 umene umapezeka kwambiri mwa anthu akuda ndipo umachedwetsa kuphwanya mankhwala ena. Anthu ambiri a kum'mwera kwa Africa alinso ndi mtundu wa CYP2B6 umene umachedwa kuchotsa efavirenz, mankhwala a HIV amene ankamwedwa kwambiri dziko lino lisanasinthire ku dolutegravir mu 2019. Mlingo woyezedwa pa wodwala wa ku Boston kapena ku Seoul uyenera kuyesedwa kaye pa odwala a kuno asanaukhulupirire.

Chinanso ndi chakuti kuyeza kotereku kukadali kwa ofufuza. Sikunalowe m'ntchito ya tsiku ndi tsiku ngakhale m'zipatala za maiko olemera, kumene dotolo amadalirabe kukula kwa chotupa, mphamvu imene yatsala m'chiwindi ndi kuyeza magazi kotchedwa AFP. Ndipo ulosi, ngakhale utakhala woona chotani, sungathandize munthu amene wafika chiwindi chitatha.

Zimene zingapulumutse moyo m'chigawo cha Tete ziri pafupi. Katemera wa hepatite B analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana m'dziko lino mu 2001, ndipo mwana ayenera kulandira milingo yonse itatu. Amene anabadwa chakachi chisanafike, amene lero ndi makolo ndi alimi, sanadutse m'ndondomekoyo. Iwowa ndi oyenera kupempha kuyezedwa magazi. Wopezeka ndi kachirombo angathandizidwe ndi tenofovir, mankhwala omwewo amene ali m'mapiritsi a HIV, ndipo amene chiwindi chao chayamba kuuma amalangizidwa kuunikidwa ndi makina a ecografia miyezi 6 iriyonse, kuti chotupa chipezeke chikadali chaching'ono. Kachasu ndi mowa wina amaonjezera moto pa chiwindi chodwala kale.

Ntchito ina iri ku munda ndi ku msika. Chimanga chiume bwino chisanalowe m'nkhokwe, ndipo chiyanikidwe pa mphasa kapena pa thandala, osati pa dothi. Mtedza usathiridwe madzi pofuna kuti ufewe pousenda. Njere zofwifwa, zoola ndi zobooledwa ndi anankafumbwe zisankhidwe ndi kutayidwa, zisasanduke nsinjiro, phala la mwana kapena chimera cha mowa. Kuphika sikupha aflatoxina. Mai wogula mtedza pa msika wa Kwachena ali ndi ufulu wouyang'anitsitsa ndi kuukana ngati wachita chuku.

Zotupa za anthu a dziko lino zinaphunzitsa akatswiri zambiri mu 1991. Kuti ulosi wa majini udzakhale ndi phindu kwa wodwala wa ku Ulóngwè kapena ku Furancungo, pafunika kuti odwala a kuno awerengedwe m'kafukufuku, ndiponso kuti azifika ku chipatala nthawi ikadalipo. Pakali pano, kadi la katemera wa mwana ndi chimanga chouma bwino ndizo ziri m'manja mwa banja lirilonse.