Mwana Aliyense ndi Buku Lakelake

Mu 2008 sukulu za ku Zimbabwe zinangotsala makoma okhaokha. Malipiro a mphunzitsi sankakwana ngakhale yokwerera basi, moti ambiri anasiya ntchito n'kulowera ku South Africa ndi ku Botswana. Kumene ana ankaphunzirabe, buku limodzi ankalimbirana anthu khumi. Kolera anabuka mu August n'kupha anthu oposa 4,000, chipatala chachikulu cha Parirenyatwa chikutseka mawodi. Maiko opereka thandizo nawo anali atamanga matumba awo, osafuna kuti ndalama zidzere m'manja mwa boma la Robert Mugabe.

Ndiye kunabwera boma la mgwirizano. Pa 11 February 2009 Morgan Tsvangirai analumbira kukhala nduna yaikulu, kenako Tendai Biti n'kutenga unduna wa zachuma, David Coltart wa zamaphunziro. Ogwira ntchito m'boma anayamba kulandira madola 100 a ku America pamwezi. Zochepa inde, koma zogula ufa ndi sopo! Aphunzitsi anayamba kubwerera m'makalasi.

Opereka thandizo aja tsopano anapeza nduna zoti n'kukhala nazo pansi, komabe thumba la boma ankaliopa. Anakhazikitsa thumba lapadera, Education Transition Fund, loyendetsedwa ndi UNICEF. Mabuku okwana 13 miliyoni anasindikizidwa, ndipo kuyambira mu 2010 malole anayamba kutula makatoni m'sukulu za pulaimale mpaka kumidzi yakutali. Tangoganizani mwana amene anazolowera kusuzumira paphewa la mnzake akupatsidwa mabuku anayi atsopano, onunkhira inki: la masamu, la Chingelezi, la sayansi ya chilengedwe, ndi la Chishona kapena Chindebele. Onsewo akeake! Nkhani imeneyi imandisangalatsa mpaka lero.

Ena amadandaula kuti ndalama zolambalala nduna ya zachuma sizilimbitsa boma, ndipo mfundo yawo ndi yomveka, makamaka poona kuti Biti yemweyo ankalira kuti ndalama za diamondi wa ku Marange sizikufika m'thumba lake. Koma amene ankatsegula makatoni aja n'kuphunzitsa ana anali ahedi ndi aphunzitsi a boma, anthu omwe chaka cha 2008 chinawabalalitsa. Njirayi itaoneka kuti ikuyenda, mu 2011 anaitengera kuzipatala. Health Transition Fund inayamba kugula mankhwala, kuwonjezera ndalama za anamwino ndi azamba kuti asathawe, komanso kuthandiza kuti amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka zisanu azilandira chithandizo osalipira.