Zodabwitsa 7 za thabwa lamphako lokwerera mafunde

Kwathu ku Goliati madzi timawadziwa pamjigo ndi m'madimba a tomato, za mafunde timangozimva. Ndiye mphwanga wina amene ali pa ganyu ku Cape Town atabwera kutchuthi, anandionetsa pa foni mmisiri akukhoma surfboard, thabwa lija anthu amaimirirapo n'kumatsetsereka pa mafunde a m'nyanja yamchere. Foniyo ndinapita nayo kwa kalipentala wina wa pamsika, munthu wa zitseko, mabedi ndi mabokosi a maliro. Anaonera mpaka kumapeto, napukusa mutu. "Achimwene, ili ndi bokosi ndithu, koma sikweya yanga ilibe pogwira." Anali atalasa, ndipo zimene ndinapeza pambuyo pake ndi izi.

1. Mkati mwake muli mafupa ngati a chambo

Kunja limaoneka ngati chipika chosema, koma ukaligogoda limalira ngati ng'oma. Mmisiri amayamba ndi msana wa pulayiwudi, n'kulowetsamo nthiti zopingasa, ndipo nthitizo amaziboolanso kuti zipepuke. Pansi ndi pamwamba amamatapo matabwa opyapyala, mamilimita 5 kapena 6 basi. Kwina konseko ndi mpweya.

2. Anaganiza zimenezi anabadwira kunyanja yopanda mchere

Ku Hawaii, kumene masewerowa anazika mizu, matabwa anali a mtengo wathunthu. Lalitali kwambiri, lotchedwa olo, linali la mafumu okha, ndipo ena ankalemera kuposa thumba la feteleza la makilogalamu 50. Tom Blake, amene anabadwa mu 1902 ku Milwaukee m'mbali mwa nyanja ya Michigan, ndiye anatopa nako kusenza. Cha m'ma 1926 anatenga thabwa n'kuliboola timabowo tambirimbiri, natseka pamwamba ndi pansi. Kenako anasiya zoboolazo n'kuyamba kumanga ndi nthiti, ndipo mu 1932 boma la America linam'patsa chikalata cha umwini wa luso limeneli. Mu 1935 anawonjezanso chipsepse pansi pa mchira. Opulumutsa anthu omira m'magombe anawalandira ndi manja awiri matabwa akewo.

3. Mbali yowawa ndi milomo

Apa ndi pamene kalipentala uja anandiuza kuti ndibwezere kanema. Milomo ndi mphepete ziwiri zimene zimalumikiza pamwamba ndi pansi. Ochita masewerowa amati rails. Vuto lake n'lakuti mlomo umakhota katatu nthawi imodzi: umatsata kufufuma kwa thabwa pakati ndi kuwonda kwake kumutu ndi kumchira, umatsata kukwera kwa mphuno, komanso uyenera kukhala wobulungira. Palibe thabwa limodzi lingavomere zonsezo.

Choncho amisiri ambiri amacheka timizere ta mtengo tochepa kuposa chala chamkombaphala. Kamzere kalikonse amakasema mbali imodzi ngati ngalande, mbali inayo ngati msana wa nsungwi, kuti kena kagone mwa kanzake ngakhale pokhota. Amapaka guluu, n'kupana, n'kudikira. Akauma, kena pamwamba pake. Misomali ayi, chifukwa puleni idzadutsa pomwepo. Pamphuno, pamene pakhota kwambiri, amayala kansalu konyowa n'kusita ndi simbi yamoto kuti nthunzi ifewetse mtengo, monga mmene woluka nsengwa amanyikira nsungwi. Zopanira zikachepa, ena amadula paipi ya pulasitiki timphetetimphete, ena amangomanga ndi malegeni. Kalipentala atawaona malegeniwo anaseka: "Aaa, ndiye ndi anzathu awa!"

Chinanso n'chakuti kumanzere ndi kumanja ziyenera kukwera pamodzi. Ukathamangira kumaliza mbali imodzi, timizere timakoka mafupa aja ndipo thabwa lonse limapotoka, osawongokanso.

4. Mlomo umodzi, makhalidwe awiri

Tengani sipuni, muigwire lende kumchira, kumbuyo kwake kukhudze madzi otsika pampopi. Muona ikukokeredwa m'madzimo. Madzi amakumbatira chinthu chobulungira, koma akafika pakuthwa amachisiya. N'chifukwa chake kutsogolo ndi pakati mlomo amaubulungiza kuti ugwire khoma la funde, pamene kumchira amausiya ndi kakhonde kakuthwa kuti madzi athawe, liwiro lichuluke. Kusintha kuchoka kobulungira kufika kwakuthwa sikuyenera kuoneka poyambira.

Posema, mmisiri sayamba n'kuzungulira. Amajambula mizere ya pensulo kuchokera kumutu mpaka kumchira, n'kupala mbali zafulati, kenako n'kupala ngodya zotsalazo, mpaka sandipepa amalize. Amayenda ndi puleni utali wonse, osaima pakati, ndipo amawerenga: akapala kakhumi uku, kakhuminso uko. Koma pa thabwa lamphako pali msampha umene wosema chipika saudziwa. Kuseri kwa mlomo kuli mphako, ndiye ukakometsetsa umangoona kuwala kwatulukira.

Amene anafikapo ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay akudziwa kuti osema bwato nawonso nkhani yawo ndi milomo. Amaipindira mkati, pakamwa pa bwato n'kutsala pang'ono, kuti mafunde a mwera asamangokhuthukiramo. Wosema bwato ali ndi kasemasema, mmisiri wa thabwa ali ndi puleni ndi guluu, koma onse amaweruza ndi chikhatho.

5. Likapanda kupuma limaphulika

Akamaliza amalikuta ndi nsalu ya faiba ndi utomoni kuti madzi asalowe. Koma mpweya wotsekeredwa ukatenthedwa umafufuma, ngati chubu cha njinga chosiyidwa padzuwa mu Okutobala. Ndiye amasiya kabowo kokhala ndi chotsekera. Polowa m'madzi utseke, potuluka utsegule. Ukaiwala kutseka limamwa madzi. Ukaiwala kutsegula, khungu limakanganuka pa nthiti, ntchito ya miyezi n'kuthera pamchenga.

6. Linadzutsidwa ndi kutsekedwa kwa fakitale imodzi

Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, mtengo unagonja kwa thovu louma lopangidwa ndi mankhwala. Koma pa 5 Disembala 2005, kampani ya Clark Foam ya ku California, imene inkagulitsa thovu lochuluka la matabwa a ku America, inatseka mwadzidzidzi. Ambiri anayamba kufunafuna njira zina, ndipo ena anabwerera ku nthiti za Blake.

7. Bulugamu wathu sangathe, ndipo mtengo umene ukanatha tinaumaliza

Funso la kalipentala linali lakuti, "Nanga ndi bulugamu sizingatheke?" N'zomveka, pakuti kuno ku Thyolo bulugamu ali ponseponse, maesiteti a tiyi amadzala minda yathunthu kuti apeze nkhuni zoumitsira tiyi m'mafakitale. Koma ndi wolemera, ndipo akamauma amapotoka n'kung'aluka, zimene aliyense amene anagulapo chitseko chachiwisi akudziwa. Amisiri a matabwawa amakonda paulownia, mtengo wochokera ku China umene sufika n'theka lomwe la kulemera kwa bulugamu komanso sumwa madzi msanga. Ena amagwiritsa ntchito balsa wa ku Ecuador kapena mikungudza ya kwawo.

Ifenso tinali nawo wathu. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, lomwe timaliona kum'mawa kukayera, ndi wopepukirapo, wonunkhira, chiswe sichiuyandikira ndipo suola msanga m'madzi, moti kale ankakhomera maboti kunyanja. Mu 1984 unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko. Pofika 2017, ofufuza atayendera phiri lonselo anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha.