LIKOMA: CILUMBA CA MIYALA CIMENE CINABALA APHUNZITSI

Pakati pa Nyanja ya Malawi, cakumpoto, pali zilumba ziwiri zochedwa Likoma ndi Chizumulu. Ngakhale zili m'manja mwa Boma la Malawi, madzi ozizungulira ndi a dziko la Mozambique, ndipo munthu ataima pa gombe la Likoma aona bwino mapiri a tsidyalo. Pa kalembera wa 2018 anapezapo anthu oposa 14,000.

Mlimi wa ku Chipata kapena ku Katete akadafika kumeneko akadagwira njakata. Likoma ndi malo a masikweya kilomita 18 cabe, nthaka yake ndi ya miyala ndi mcenga, ndipo mitengo yooneka kwambiri ndi milambe ndi mango. Cimanga sicicita bwino, motero anthu amadalira cinangwa cimene amaphikira nsima ya kondowole. Munda wao weniweni ndiwo nyanja, m'mene amuna amapha usipa ndi utaka usiku ndi nyali. Mphepo ya mwera ikauka, mabwato amagona pa mtunda ndipo ndiwo zimasowa m'nyumba. Ufa, nkhuni ndi katundu wina zimacita kuoloka pa madzi, ndiponso sitima ya Ilala, imene inayamba maulendo mu 1951, yakhala ngati mlatho wao.

Amisyoni a Anglican a U.M.C.A. anakhazikika pa cilumbaci m'zaka za m'ma 1880. Mu 1903 anayamba kumanga chalichi cacikulu ca St. Peter pa malo ochedwa Chipyela, pamene kale ankatenthera anthu oganiziridwa ufiti. Koma cuma coposa nyumbayo cinali sukulu. Popeza makolo analibe minda yosiyira ana ao, anawasiyira maphunziro, ndipo ku Likoma kunaturuka aphunzitsi, makalaliki ndi ansembe amene anakagwira nchito m'maiko ozungulira.

Nalo dziko la Zambia linalawako zipatso za misyoniyo. Bambo Leonard Kamungu, mmodzi wa ansembe ake oyamba acikuda, anadzagwira nchito ku Msoro pakati pa Akunda, namwalira komweko mu 1913.

Pa masiku a cisangalalo amuna amavina malipenga atavala zoyera ngati asilikali, namaliza zikho, pamene amai amavina cioda. Ana oonerera magulewo ambiri adzakwera sitima kukafuna nchito kutali, monga anacitira makolo ao, pakuti cilumba sicikula ngakhale anthu acuruke.